Maina Asanu ndi Awiri pa Sileti

Ndikukumbukira sileti yanga yoyamba, yobenthuka pakona, yonunkha malovu ndi makaka. Tinkakhala ku Ngokwe nthawi ya atsamunda, ndipo pabanja pathu wodziwa kulemba ndinali ine ndekha. Matama ndinali nawo, ndisaname.

Amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, anabadwira kutsidya kwa nyanja ya Chiuta, kwa Apwitikizi. Anawoloka ali kamtsikana pothawa ntchito yokakamiza, atasenza mtolo wa mbewu ya chinangwa. Tsiku lina masana, akusenda chinangwa uku akutsokomola, anandiitana.

"Bwera nawo mwala wakowo. Akuti zolembedwa sizifa. Lemba amene anatibereka."

Anatchula maina asanu ndi awiri, mayi wawo, mayi wa mayi wawo, kubwerera m'mbuyo choncho. Anali maina a Chilomwe, olemera palilime, ndipo ndinawalemba mokhotakhota, mtima uli kumpira. Iwo anapukuta manja pansalu, n'kugwira sileti chozondotsa. Anaiyang'ana nthawi yaitali akumwetulira.

M'mawa mwake aphunzitsi analowa ndi chikoti, kufuna masamu. Mnzanga wapambali anasuzumira n'kuyamba kuseka kuti ndalemba za Anguru, dzina limene ankatinyoza nalo. Chikoti sindinachiope kwenikweni, anandigwira ndi manyazi. Ndinalavulira pasileti n'kupukuta ndi chigongono. Masamuwo ndinalakwanso onse.

Nditabwerera kunyumba amayi aakulu anandifunsa, "Alipo anthu aja?"

"Alipo," ndinatero.

Ndinkati ndidzawafunsanso mochenjera tikatha kutola thonje. Chifuwa chija sichinadikire thonje. Mayi anga, obadwira kuno, ankadziwa maina awiri okha.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikulemba mabuku a mbiri ya mabanja. Ndayenda Chikweo, Kalembo, mpaka kutsidya komweko, kufunsa okalamba pamakonde awo. Mabanja ena ndawapezera makolo awo, koma asanu anga aja sindinawapeze. Masiku ano ana amavina tchopa poyera, amanyadira Chilomwe, mawu a agogo awo amawasunga m'foni. Ndimakondwa nawo, komanso ndimawachitira nsanje.

Anthu akamanditamanda kuti ndine wosunga mbiri ya makolo, ndimayang'ana pansi. Amayi aakulu anapita ali ndi mtendere, poganiza kuti anthu awo ali pabwino m'manja mwa mwana wophunzira. Chimandipweteka mpaka lero n'chakuti sileti ija inali ndi mbali ziwiri. Ndikanangoitembenuza.