Tsiku limene achemwali anasiya kuimba

Achemwali anga anali ndi pakamwa. Tikamatchola tiyi pa esiteti, dengu kumsana, iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo, ife n'kumavomera. Nyimbo zawo zinali za Chilomwe, ndipo sizinkasiya munthu: kapitawo wa chimimba, mlonda wogona pantchito, ngakhale ine ndi mwamuna wanga waulesi uja. Mwambo wake unali wakuti zonenedwa m'nyimbo sazitengera ku ofesi. Woimbidwayo ankangoseka, zikamuwawa ankapeka yake.

Kenako kunabwera manejala watsopano wochokera kutali. Tsiku lina anapeza masamba okhwima m'dengu la mayi wina, n'kuwakhuthulira pansi. "Anguru inu simumva," anatero, tonse tikumva. Dzina limenelo ndi chipongwe kwa ife Alomwe, makolo athu analimva mpaka kutopa nalo.

Asanafike n'komwe pagalimoto yake, achemwali anali atayamba kale. Anaimba za bwana wa nsapato zonyezimira, wosadziwa nsonga ya tiyi, wongodziwa kutukwana ngati mwana wosaleredwa. Tinavomera mokweza, ndipo kunena zoona zinatikomera. Bwana anafunsa kapitawo tanthauzo lake, kapitawo n'kumasulira zonse, osasiyako ngakhale nsapato zija.

M'mawa mwake anatiitanitsa ku ofesi. Akuluakulu anawerenga lamulo loletsa chipongwe pantchito. Achemwali sanaikane nyimbo yawo. Anangofunsa ngati lamulolo limagwiranso manejala, poti ndiye anayamba. Akuluakulu anati zimenezo zimafuna mboni, n'kutiyang'ana ife.

Tinalipo amayi ambiri ndithu. Ine ndinali ndi ana atatu m'nyumba ya kampani. Ndinaweramitsa mutu, ndipo achemwali anandiona ndikuweramitsa. Anawachotsa ntchito tsiku lomwelo, manejala n'kutsala.

Anabwerera ku Khonjeni kukalima nandolo. Sanandikalipirepo, ndipo zimenezo n'zimene zimandiwawa. Akanangonditukwana, mwina mtima ukanapepuka. Masiku ano m'munda wa tiyi aliyense amatchola ndi kawailesi ka pafoni yake, woyambitsa nyimbo palibe. Ndimawasowa kwambiri, makamaka dzuwa likafika paliwombo, dengu litayamba kulemera.

Chaka chatha ndinakwera kabaza kukawaona. Tikutong'ola chimanga pakhonde, ndinawapempha kuti andiimbe ngati kale, anditukwane m'nyimbo mmene angafunire, anene zonse za tsiku lija. Anaseka pang'ono, maso ali pa lichero.

"Ndiyambitse ine," anatero, "avomere ndani?"