Mtedza wa amene ankakulemberani pa foni

Atate, foni yanu ija amai amaitchajabe, ndipo m'mawa muno yalira. Ndi uthenga uja wa kuchipatala wopita kwa odwala mtima: "Chepetsani mchere, yendaniko pansi lero." Sakudziwa kuti tinakuikani m'manda chaka chatha.

Ndakumbuka tsiku lija ndinakuperekezani ku Chipata kukapimitsa mtima. Munanyamula kathumba ka mtedza kuchokera ku Madzimoyo, ati kothokozera mwana wa eni amene amakulemberani m'mawa uliwonse. Paja uthenga uliwonse munkauyankha kuti, "Zikomo, mwadzuka bwanji kumeneko?" Anesi anaseka mpaka misozi: "Atate, si munthu, ndi kompyuta." Ine ndinachita manyazi, inu ayi ndithu. Munati, "Kaya ndi ndani, wandisiyitsa fodya, zimene amai ake a uyu analephera. Landirani mtedzawu." Ndipo munkamveradi. Mngoni weniweni kukana nyama yonona ku mwambo wa Ncwala, anzanu akukusekani! Khama lomwelo linakufikitsani ponyamula mwana wanga woyamba, ife titataya kale chiyembekezo. Lero njinga ndaisiya, kumunda ndapita wapansi. Uthengawo ndauyankha ndine: "Zikomo, ana awo tamva."