Kalipentala Amene Anaphunzira Kuwononga

Tsiku limene anabwerera kuntchito kuchokera kuchipatala, achimwene ake anamupatsa tsache.

Munthu ameneyu anali atagwira ukalipentala zaka khumi ndi zinayi. Zitseko zake sizinkalira, madilowa ake sankakakamira ngakhale nyengo ya mvula. Koma makina ochekera matabwa anamudyera zala zitatu za dzanja lamanja, n'kumusiyira chala chachikulu ndi kachala kakumapeto. Chotchingira mpeni wa makinawo chinali chitathyoka kalekale, ndipo mwini shopu, mkulu wake bere limodzi, ankangoti tikonza mawa. Mawa lakelo linafika zala zili kale mu utuchi.

"Uzisesa kaye," anatero achimwenewo. "Makasitomala akaona dzanja limenelo pa thabwa athawa."

Sabata isanathe, anzake a mushopu anali atamupatsa dzina loti Nkhanu. Poyamba ankanong'onezana, kenako anayamba kumuitanira poyera, ndipo achimwene ake nawo anatengera. Amati chibale ndi fupa sichiola. Ine ndaona mafupa ena akununkha, koma tiyeni tipitirize.

Chimene chinkamupweteka Nkhanu kuposa dzinalo chinali benchi yake yogwirira ntchito, ya pafupi ndi zenera. Anaikhoma ndi malemu bambo awo, ndipo atamwalira inagwera iye. Tsopano ankaisesa pansi m'mawa uliwonse osaloledwa kuikapo thabwa.

Tsiku lina achimwene ake anamuuza kuti pakatha miyezi itatu alemba kalipentala wina, chifukwa benchi singamangodya fumbi. Nkhanu anachonderera pamaso pa antchito onse, munthu wamkulu ndi ndevu zake.

"Achimwene, ndipatseni mpata. Mutu uli bwinobwino, maso ali bwinobwino."

"Chabwino," anatero mkuluyo akuseka. "Upange chinthu ndi dzanja lakolo, munthu wosakudziwa agule, osati mokumvera chisoni ayi. Ukatero benchi ndi yako."

Anayesa kampando wamba kokhalira kukhitchini. Chopalira matabwa chinkamupulumuka, hamala inkagwa, misomali inkalowa chopendama. Kampandoko anakathyola yekha asanakaone munthu. Kuyambira pamenepo, akaweruka ankangofikira pa mpando kunyumba, maso pa foni.

M'fonimo munali gemu imene bambo wina wa bedi loyandikana naye kuchipatala anamuikira. Inkangofuna chala chachikulu basi, ndipo chimenecho makina aja anamusiyira. Inali gemu ya mdala wina wokonza mawailesi, wokhala m'kachipinda kamodzi, ndipo wosewera amamuthandiza kufufuza tizipangizo totayika pansi pa bedi, kuseri kwa shelefu, m'thumba la jekete.

Mkazi wake ankagwira ntchito yosita zovala za anthu. Ankabwera madzulo miyendo itatupa n'kumupeza ali chomwecho.

"Anzanu akusaka zochita, inu muli pa gemu. Kodi zala zija zinapita ndi manyazi omwe?"

Mawuwo anamulasa. Koma zoona zake n'zakuti tizipangizo ta mdala uja analibe nato ntchito. Iye ankayang'ana mipando. Kalipentala ndi kalipentala, ngakhale kumaliro amayang'ana mmene bokosi alilumikizira.

"Mpando uwu ndi wabodza," anatero tsiku lina, akumuonetsa mkazi wake foni. "Mwendo umodzi ndi waufupi, tebulo lapendama, chitseko sichikukwana pafelemu. Amene anajambula izi sanagwirepo tepi yoyezera."

"Ndiye kakonzeni, si ndinu akatswiri?"

Mayiyo ankangomunyogodola, koma m'mawa mwake Nkhanu posesa sanataye zonse. Tizidutswa ta matabwa anatiika m'thumba.

Apa ndi pamene anatulukira chinthu. Thabwa lalikulu limafuna mphamvu ya dzanja lonse, koma kathabwa kochepa ngati mtengo wa machesi kamangofuna zala ziwiri ndi kudekha. Lezala linakhala sowo yake. Zopanira zovala za mkazi wake zinkagwira tizidutswa podikira guluu kuti aume. Dzanja lamanzere linaphunzira kudula, lamanja linkapanira. Muyeso uliwonse wa mpando weniweni ankaugawa ndi khumi ndi ziwiri.

Kampando koyamba kanathyoka kasanu ndi kanayi. Kachikhumi kanaima, kotalika ngati chala chake chachikulu, miyendo yonse inayi yofanana ndendende. Anakaika pa tebulo n'kukayang'ana nthawi yaitali, akusangalala ngati mwana wapambana mayeso.

Ndiye anapitiriza. Anakhoma bokosi lalikulu pang'ono kuposa la nsapato, lotseguka kutsogolo, n'kuyamba kumangamo chipinda cha mdala uja. Bedi, tebulo lokhala ndi dilowa yotseguka zenizeni, shelefu ya timawailesi khumi ndi tiwiri tokhala ndi timawaya, zenera la pulasitiki ya botolo, chitseko chotembenuka pa mahinjesi a chitini. Zonse zimene wojambula gemu analakwitsa, iye anakonza. Anakwecha ndi sandipepa, anapaka vanishi katatu. Zinamutengera masabata asanu, zala zodzaza mabala a lezala.

Analikulunga m'nsalu n'kupita nalo ku shopu ina yogulitsa magemu ndi zidole zake. Mwini wake anali mayi wachitsikana wovala magalasi, wosachedwa kulankhula zimene akuganiza. Anasuzumira m'bokosimo, anatsegula kadilowa ndi chikhadabo, anatseka.

"Bambo, ntchito yake ndi yaukhondo, sindinaonepo. Koma sindingaike pashelefu yanga."

"Chalakwika n'chiyani, achemwali? Yezani paliponse."

"Si za muyeso. M'chipinda muno simukhala munthu."

Anayatsa gemu ija pa sikirini yaikulu n'kuyamba kumulozera. Pa tebulo panali chizindikiro chozungulira pamene mdala amaika kapu. Chitseko chinali chakuda pafupi ndi chogwirira. Bulangete linali ndi chigamba. Mwendo waufupi wa mpando uja unali wochirikizidwa ndi pepala lopinda.

"Mukuona? Anthu amaikonda gemuyi chifukwa chipindachi chimawakumbutsa cha bambo awo, cha malume awo. Inu mwachotsamo mdalayo, mwapanga shopu ya mipando. Kachikalambitseni mubwere nacho."

Nkhanu anatuluka osatsanzika. Njira yonse ankatukwana chamumtima. Kamtsikana kosadziwa n'komwe mbali yogwira tchizulo kakamuuze iye kuti awononge ntchito yake? Bambo ake anamulera ndi lamulo limodzi, loti kalipentala sasiya chipsera pa thabwa, ndipo chikapezeka amachibisa kumbuyo. Zaka khumi ndi zinayi anakhala akubisa zipsera. Tsopano dzanja lake lomwe ankaliyendetsa lili m'thumba.

Masiku atatu bokosilo linakhala pansi pa bedi. Nthawi imene achimwene ake anamupatsa inali ikutha, kutatsala masabata awiri okha.

Tsiku lachinayi mkazi wake anamufunsa chimene chinachitika, ndipo atamva sanamunyoze. Anachotsa nsalu ya pa tebulo lawo lodyera n'kuloza pakona, pamene panali chipsera chakuda chooneka ngati simbi yositira.

"Mwandifunsa kangati kuti mupale apa, ine n'kukana?"

"Kambirimbiri. Pamanyansa."

"Apa ndi pamene ndinasiya simbi tsiku limene anandiimbira foni kuti muli kuchipatala. Ndinathamanga osazimitsa. Mukapala, tebulo likhala lokongola, koma silikhalanso lathu."

Nkhanu anakagwada pafupi ndi bedi. Kenako anakoka bokosi lija.

Musaganize kuti zinali zophweka. Kudula mwendo wa kampando kamene anakavutikira kakhumi kunamupweteka kwambiri moti anagwetsa misozi, lezala lili m'manja. Anaudula ndithu, n'kuchirikiza ndi kapepala kopinda. Tebulo analipendamitsa. Anaviika chivindikiro cha bolopeni mu tiyi wakuda bii n'kudinda pa tebulopo kawiri, mosalinganiza. Vanishi wa pa chitseko anamukwecha pafupi ndi chogwirira n'kupakapo mwaye wa kandulo. Pakati pa bedi anapabowoleza pang'ono, pamene munthu amagona zaka ndi zaka. Mkazi wake anasoka kachigamba pa kabulangete ndi ulusi wosiyana mtundu.

Anadabwa kuona kuti kuwononga nakonso kuli ndi luso lake. Ukangokanda paliponse zimaoneka zabodza. Uyenera kudzifunsa kuti mdalayu akadzuka amaponda pati, akatopa amatsamira khoma liti, dzanja lake la mafuta limagwira potani. Khoma limodzi analibwereza katatu chifukwa litsiro lake linali pamwamba kwambiri kwa munthu wokhala pansi.

Atabwerera nalo, mayi wa magemu uja anasuzumira, n'kuvula magalasi, n'kusuzumiranso. Anachotsa zidole ziwiri pazenera la shopu n'kuikapo bokosilo.

Nkhanu anakhala pa mpando wa pakona, dzanja m'thumba. Dzuwa lisanapendeke kunalowa bambo wina wa imvi zapatalipatali, atavala yunifolomu ya madalaivala a basi. Anaima pa bokosilo nthawi yaitali, kenako anati, "Chipinda cha malemu bambo anga chinali chonchi, mpaka mpando womwe." Anagula osanenerera, osafunsa kuti wapanga ndani.

Kunali kutatsala masiku anayi. M'mawa mwake Nkhanu anavala malaya ositidwa bwino, anatenga lisiti ya bokosi lija, n'kulawirira ku shopu ya achimwene ake. Masiku amenewo anali atapempha tchuthi cha sabata kuti amalize ntchitoyo.

Pa benchi ya pafupi ndi zenera anapezapo munthu wina. Chopanira matabwa chinali chitasamutsidwira mbali ina. Pamwamba pa benchiyo, pamene panali mabala a sowo ndi tchizulo a bambo ake ndi ake omwe, panali patapalidwa mpaka kuyera mbee. Kalipentala watsopanoyo anamumwetulira mwaulemu. Analibe mlandu, anangochita zimene kalipentala aliyense akanachita.

"Achimwene, masiku sanakwane," anatero Nkhanu. "Ndagulitsa. Lisiti ndi iyi."

Mkuluyo anayang'ana kapepalako osakagwira.

"Iwe unkaona ngati ndikunena zenizeni? Ndinkangofuna usiye kundilirira pamaso pa antchito. Ndiye tizidole timeneti ndi ukalipentala? Tsache lako lili pakona apo."

Nkhanu anayang'ana benchi ija kamodzi, anatenga bokosi lake la zipangizo ndi dzanja lamanzere, natuluka. Palibe ngakhale mmodzi mwa anthu amene anadya nawo limodzi zaka zonsezo anamuperekeza pakhomo.

Papita zaka zinayi. Lero amagwirira ntchito m'chipinda chakutsogolo kwa nyumba yawo, pa chitseko chakale chimene anachigoneka pa miyendo inayi. Mayi wa magemu uja amamutumizira maoda mpaka ena amadikira miyezi itatu. Ena amafuna zipinda za m'magemu, koma ambiri tsopano amabwera ndi chithunzi chakale cha khitchini ya mayi awo, kapena chipinda chimene anakuliramo m'nyumba imene inagwetsedwa. Iye amawakhazika pansi n'kuwafunsa mafunso amene sanayembekezere: kodi chitseko chinkakakamira pati, kodi khoma linang'ambika mbali iti. Ena amayankha akulira. Mkazi wake anasiya kusita zovala za anthu, ndiye amasoka timakatani ndi timabulangete.

Mwina mukudikira ndikuuzeni kuti achimwene ake anabwera kudzagwada. Sanabwere. Chotchingira makina chija anakonza patatha sabata imodzi ngozi itachitika, ndipo mpaka lero sananenepo kuti pepa. Ndamva kuti makasitomala akatchula za mng'ono wake, amadziguguda pachifuwa n'kumati, "Ameneyo ndinamuphunzitsa ndine." Zala sizinamere. Benchi ya bambo ake sinabwerere, ndipo Nkhanu akamapita kogula guluu amazungulira njira yaitali kuti asadutse pa zenera lija. Ndinamufunsa ngati anakhululuka. Anati akuyesetsa, koma nyengo yozizira dzanja likamawawa amayambiranso poyamba.

Ndiye inu amene mukuwerenga muli pakona ndi tsache limene m'bale wanu anakupatsani, sindikunamizani kuti zonse zimene munalandidwa zidzabwezedwa. Zina zapita ndithu, ndipo amene anakulandani akugona tulo tabwino. Mukhoza kukwaniritsa zonse zimene anakuuzani n'kupeza kuti ankangokuseweretsani. Zikadzatero lirani, kwiyani, n'zololeka. Koma musaime pakhomo pawo kudikira chilungamo mpaka imvi. Nyamulani zipangizo zanu ndi dzanja limene latsalalo, mukayambe pamene iwo alibepo mawu. Mtima wokhawo musautaye, chifukwa umenewo ngakhale m'bale wanu sangaupereke kwa munthu wina pokhapokha mutausiya nokha.