Pasita ya mng'ono wanga

Ndinali mlonda pa ofesi ya bungwe la asodzi ku Kobwe. Ntchito yanga inali chipata, tsache, ndi kupukuta masola padenga. Za makompyuta ndinkangoonera pakhomo.

Pansi pa tebulo la ashefi, bwana wa ofesiyo, panali kabokosi kakuda kothwanima. Makompyuta onse a mu ofesimo ankasunga zinthu zawo mmenemo. Mkati mwake munali ngati zipinda, ankazitcha mapasita. Anakaika kabokosiko ndi tekiniko wina, katswiri wa makompyuta wa ku Lichinga. Ankati ali konko amaona zonse, pasita iti yatsegulidwa, watsegula ndani, liti. Ankanena monyada, ngati kusuzumira m'nyumba za eni ndi maphunziro.

Foni ya msodzi sikhalitsa, imagwera m'madzi. Ndiye anthu anazolowera kubwera nazo kwa asekeretaliya, mayi wofatsa, kuti awasungire zithunzi m'kabokosimo. Aliyense pasita yake, koma onse a mu ofesi ankatha kutsegula. Mng'ono wanga anali nayo yake. Munali zithunzi za ukwati, za ana, ndi mawu ake akuimba pokoka khoka.

Mwera unamugubuduza pakati pa kuno ndi Likoma. Thupi tinalipeza, tinaika. Foni inatsala pansi pa nyanja.

Kwathu katundu wa womwalira sitikhudza mpaka sadaka itachitika. Malaya, nkhafi, mphasa, zonse zimadikira. Asekeretaliya ndi a mzikiti wathu womwewu. Anauza onse mu ofesi kuti pasita ya malemu isatsegulidwe, ndipo anamvera. Sadaka inachedwa. Amalume athu anali kudwala ku Malawi, ndipo popanda iwo sizikanatheka. Miyezi inapita.

Mkati mwa miyeziyo kabokosi kanadzaza. Ashefi anaimbira ku Lichinga akukalipa kuti malipoti sakulowa. Ndinali pawindo, ndinamva. Chodzaza kabokosi tonse tinkachidziwa. Inali pasita ya ashefi omwewo: mafilimu omenyana, mpira, ndi zithunzi zawo. Ashefi pa njinga yamoto. Ashefi pamsonkhano. Ashefi akudya nkhuku. Tekiniko sanabwere, msewu wathu amauopa. Anangolamula makinawo ali konko kuti pasita iliyonse yokhalitsa osatsegulidwa ifufutidwe. Sanafunse munthu. Ife sitinadziwe.

Sadaka itatha, mkazi wa malemu anabwera kwanga atavala chitenje chake chabwino.

"Alamu, tiyeni tikatenge nkhope ya bambo a ana. Wamng'onoyu wayamba kuiwala."

Tinalowa. Asekeretaliya anafufuza, nafufuzanso. Pasita ya malemu sinaoneke. Anaimbira tekiniko, nakweza mawu a foni kuti tonse timve.

"Imeneyo inapita, mayi," anatero iye. "Palibe ankaigwiritsa ntchito."

"Mwini wake anamwalira."

"Ndiye vuto lili pati? Womwalira afuna pasita yanji?"

Ndinalanda foniyo.

"Bambo, kwanuko munthu akafa, katundu wake mumatani naye?"

"Ine sindiona maliro, madala. Ndimaona tsiku lotsegula basi. Mukanatsegula kamodzi kokha, bwenzi ilipo."

Ndinabweza foni. Munthu woona zonse uja ndiye ameneyo. Ulemu wathu anauwerengera ku zinyalala.

Ashefi analowa akupukuta pakamwa. Atamva nkhani anati, "Pepani amayi, ndi sisitema." Mawu amenewo ankawakonda. Denga likadontha, sisitema. Mafuta a boti akasowa, sisitema. Pasita yawo inali yathunthu, poti ankaitsegula tsiku ndi tsiku kuyambira m'mawa.

Mlamu wanga sanalire. Anangokhala pabenchi, manja pamiyendo.

Asekeretaliya anatsegula pasita ya ashefi, eni ake ali pomwepo.

"Iyayi mayi, zimenezo n'zantchito!"

"N'zogawana, ashefi. Munanena nokha pamsonkhano."

Anayamba kudutsa zithunzi chimodzichimodzi. Ashefi, ashefi, ashefinso. Ndinatopa nayo nkhopeyo kuposa masiku onse. Kenako mlamu wanga anaimirira.

"Imani pomwepo!"

Linali tsiku limene mng'ono wanga anapha kampango wamkulu, ashefi n'kumubwereka kuti ajambulitse. Ali pakati, mimba patsogolo, atanyamula nsomba imene sanaiphe. Chakumapeto kwa chithunzi kunali mng'ono wanga, wonyowa, akuseka. Khutu limodzi silinalowe. Koma maso, mphuno ndi mpata wa mano ake zinalipo.

Asekeretaliya anachitulutsa papepala. Ashefi anadzikonza malaya.

"Mwaona? Ndikanapanda kusunga ine, bwenzi mulibe kanthu."

Mlamu wanga sanawayang'ane. Anati, "Mayi, ndibwerekeni sizasi."

Anadula pomwepo patebulo, pang'onopang'ono, kuti asapweteke phewa la mwamuna wake. Kachidutswa kanatuluka kopyapyala ngati tsamba la bango. Anakakulunga pakona ya chitenje, nathokoza asekeretaliya okha, natuluka.

Zithunzi za ukwati sizinabwerere. Nyimbo ya pakhoka sinabwererenso, ndipo ine mawu ake ndayamba kuwasokoneza ndi a anthu ena. Mwana uja amawadziwa bambo ake ndi kachidutswako. Amati anali ndi khutu limodzi. Amayi ake amamusiya.

Ashefi ndi kampango wawo anatsala patebulo. Mphepo inawagwetsera pansi. Posesa ndinawaola pamodzi ndi makoko a mtedza, ndinakataya kudzala.