Madzi Opereka Choimirira

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pomwe bondo langa lakumanzere linayamba kuvuta. Kwathu ku Lifuwu inali nyengo yowokera mpunga, ndipo ndikaweruka kumunda ndinkathamangira ku mpira wamanja. Ndikanyonyomala kapena kugwada, m'bondomo munkamveka ngati muli mchenga. Sindinauze munthu, poopa kuti andiletsa mpirawo.

Tsiku lina kunabwera azakhali ochokera ku Khombedza. Ndinawapatsa madzi choimirira, nditangowerama pang'ono. Kalanga ine! Amayi ananditulutsira maso.

"Iwe Tiyamike, wakula eti? Gwada apo!"

Ndinagwada pa dothi louma lija, ululu n'kundilasa mpaka misozi mbwembwembwe. Amayi ankati ndi matama. Koma abambo, amene ankasoka ukonde pakhonde, anandiitana, nagwira bondolo n'kulipinda. Linakhukhuluza mpaka iwonso anamva.

M'mawa mwake anandikweza pa njinga ulendo wa kuchipatala. Njira yonse mtima unali m'mwamba, ndikudziona ndikuyendera ndodo moyo wanga wonse.

Adokotala anali mayi wansangala. Anati kuseri kwa kafupa ka pamwamba pa bondo kuli kamnofu koterera, konga kaja timatafuna kunsonga kwa fupa la nkhuku, ndipo kanga kanali katayamba kuperepeseka.

"Ndipunduka?" ndinafunsa.

"Ayi, mwanawe. Pa msinkhu wakowu zambiri zimatha, bola kumvera."

Anandiuza ndipumule kaye mpira, ndisamagwade kapena kunyonyomala nthawi yaitali, ndipo tsiku lililonse ndizigona chagada n'kumakweza mwendo wowongoka kuti ntchafu ilimbe, chifukwa ntchafu yolimba ndiyo imasunga kafupako m'njira yake. Mtima unakhala pansi, chimwemwe chake sindichiiwala.

Amayi atamva anangoti kukamwa yasa. Kuyambira pamenepo, kukabwera alendo, amayiwo ankayamba okha kundikhalira kumbuyo: "Musamudabwe, bondo lake likudwala." Itatha miyezi ingapo ndinabwerera m'bwalo, ndipo mpaka lero ndimayenda bwinobwino.

Tsopano ndimadziwa kuti chinandipweteka kwambiri si munda kapena mpira, koma kubisa kuja. Mwana akasintha khalidwe, nthawi zina ndi thupi likulankhula.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anandipatsa madzi choimirira. Ndinameza kaye ukali, n'kumufunsa, "Bondo lili bwanji?"

"Lili bwino, amayi."

"Zikomo Ambuye," ndinatero. "Ndiye gwada."