Tsiku limene mlongo wanga anatchedwa Makani

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, Che Barnaba, ndimamva fungo la phula lotentha lomwe ankamatira mabwato kuseri kwa nyumba yathu ku Malindi, utsi wake ukuyabwa m'maso, iwo akugogoda matabwa kwinaku akung'ung'udza nyimbo zachilendo. Paunyamata wawo anapita ku Joni, nakalowa ntchito m'sitima zapamadzi zozungulira maiko, koma za kumeneko sankakamba kawirikawiri.

Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi pamene amayi anabereka mwana wamwamuna, zaka zija ngakhale khanda ankaligulira khadi la chipani. Tinali atsikana okhaokha anayi, ndiye pakhomo panali chimwemwe chosaneneka. Tsiku lotulutsa mwana, ndinathamanga mudzi wonse kuitana abale. Nthungululu zitatha, agogo anapukuta manja, namunyamula mwanayo.

"Uyu ndi Makani," anatero.

Anthu anayang'anana. Amayi misozi inalengeza.

"Ababa, mwana wanga wakulakwirani chiyani? Mukufuna adzakhale wosamva?"

Agogo anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anakhala pansi nayamba kufotokoza. M'sitima muja anali ndi mnzawo wochokera ku Hawaii, zilumba za pakati pa nyanja yamchere. Tsiku lina chingwe chonyamulira katundu chinawakokera agogo m'madzi, ndipo mnzawoyo analumpha osavula n'komwe nsapato, nawagwira kolala mpaka anthu anawaponyera chingwe china. Dzina lake linali Makani.

"Kwawoko Makani ndi mphepo. Mnzangayo anabadwa tsiku lomwe mphepo inabweza bwato la abambo ake kumtunda, anthu atataya kale mtima. Ndadikira zaka zonsezi mwana wamwamuna woti ndimupatse dzinali."

Amayi anayang'ana mwana wawo. Kenaka anati, "Ndiye kuti popanda munthuyo, inenso kulibe." Azakhali anayambitsa nyimbo, tonse tinavina mpaka fumbi kobo, agogonso anadzuka nagwedeza mapewa. Pa ubatizo abambo mfumu anafunsa dzinalo kawiri, agogo nabwereza nkhani yonse m'tchalitchi momwemo.

Sitinamvepo ngati mwini dzina uja anabwerera kwawo, kapena ngati anasiya ana. Ine ndakalamba tsopano, koma nkhaniyi ndimaifotokozabe kwa aliyense woseka dzinali, chifukwa pabanja pathu a Makani alipo atatu.