Injini Imene Inalira Tsiku Lolakwika

Pakampu ya asilikali pathu panali galimoto imodzi yokha yozimitsa moto, ndipo woiyendetsa anali sajeni wina amene aliyense ankamutchula kuti a Mpopi. Ine ndimasoka jombo za asilikali pakhonde loyang'anizana ndi galaja, choncho ndinkawaona tsiku lililonse.

Anali munthu wamfupi, wadazi, wosamwa mowa. Analowa usilikali kuti agwire mfuti ngati anzawo, koma diso lawo limodzi linali lofooka, ndiye anawatumiza kwa ozimitsa moto. Galimotoyo anaipeza ili yakale kale, ndipo anakalamba nayo limodzi. M'mawa uliwonse ankaipukuta ndi malaya akutha, kuyambira magalasi mpaka mabawuti a matayala. Akazi awo akabweretsa chakudya chamasana ankaima pakhomo la galaja n'kufunsa kuti, "Mkazi mnzanga wadzuka bwanji lero?"

"Akutsokomola pang'ono," a Mpopi ankayankha osaseka.

Asilikali achinyamata ankangoitchula galimotoyo kuti alamu.

Bajeti ikabwera, zoyamba zinali mfuti ndi zipolopolo, kenako zitsulo zotchinga malole onyamula asilikali. Ozimitsa moto ankalandira utoto wofiira wopaka ndowa za mchenga. Batire la galimotoyo amakaniko analibwereka kukaika m'lole, ndipo silinabwerenso. A Mpopi sanadandaule. Popeza kutsogolo kwa galaja kunali kotsetsereka, ankangomasula buleki, galimoto n'kuyamba kuyenda yokha, iwo n'kuponya giya, injini n'kulira. Ena anayesapo koma inkawakanira. Pampu yake inkaponya madzi bwino kwa kanthawi, kenako inkangolavula. Nyumba za mabanja a asilikali zinali zogundana, mawaya ake a magetsi akalekale, ndipo aliyense ankadziwa kuti pakufunika galimoto yatsopano.

Chaka china kunamveka kuti akuluakulu akulikulu akubwera kudzaona okha zosowa za kampu asanagawe ndalama. Kaputeni amene ankayang'anira galaja, mnyamata wofatsa, anali atapempha galimoto yatsopano kangapo. Anabwera kwa a Mpopi ine ndikumva.

"Sajeni, alendo akabwera galimotoyi ikhale yakufa. Musaitsuke, musailize."

"Koma imalira, bwana."

"Ndikudziwa. Ikalira pamaso pawo anena kuti tili nayo kale, ndalama zipitenso ku mfuti. Moto ukadzabuka kunyumba za mabanja tidzauzimitsa ndi chiyani, malovu a alamuwa?"

"Ndamva, bwana."

Sabata imeneyo fumbi linaunjikana pagalimoto. A Mpopi ankabwera kudzakhala pabenchi yanga, n'kumandipakira phula paulusi chifukwa manja awo analibe chochita. Mbalame itaipitsa pagalasi lakutsogolo, anayang'ana kumbali.

Alendo anafika masana. Anayamba kosungira mfuti, anapita kukaona malole, kenako anafika kugalaja. Mmodzi wa iwo, wasuti yotuwa, analemba ndi chala pafumbi la chitseko, n'kumenya tayala ndi nsapato.

"Chiphapha ichi n'chimene mumati galimoto? Bwanji osangoikamo nkhuku ziziikira mazira?"

Onse anaseka. Kaputeni anaseka kuposa onse, chifukwa zinthu zinali kuyenda monga ankafunira.

"Nanga amachisamala ndani?" anapitiriza wasuti uja. "Malipiro amalandirira chiyani, kuchiyang'ana?"

A Mpopi anali ataima chilili pafupi ndi khoma. Kenako anamenya sawasha, n'kukwera m'galimoto.

"Sajeni," kaputeni anaitana motsitsa mawu.

Buleki inali itamasulidwa kale. Galimoto inatsetsereka mwakachetechete, inagwedezeka kamodzi, injini n'kulira. A Mpopi anaimika pabwalo, anatsika, anakoka payipi. Madzi anakwera kupitirira denga la galaja, ndipo tsiku limenelo pampu siinalavule ngakhale pang'ono.

Alendo anaomba m'manja. Wasuti uja anawagwira chanza a Mpopi nthawi yaitali, wina n'kuwajambula chithunzi madzi akadali m'mwamba.

"Ndiye vuto lili pati, a Kaputeni?" anatero. "Anthu ngati awa ndi amene tikufuna."

Bajeti itatuluka, kunabwera mfuti zatsopano ndi zitsulo za malole. Ozimitsa moto analandira batire limodzi ndi utoto wofiira. Kaputeni sanawapatse a Mpopi chilango chilichonse, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso. Amayi akunyumba za mabanja anayamba kusunga migolo yamadzi pakhomo. Akazi a a Mpopi anabweretsa chakudya monga mwa masiku onse, koma sanafunse za mkazi mnzawo. Anaika mbale pabenchi yanga n'kunena kuti, "Bambo, mwateteza iyeyu, mwasiya ana a anthu." Anatenga dengu lawo n'kumapita.

A Mpopi anapuma ntchito chaka chotsatira. Amene analowa m'malo mwawo anailiza galimotoyo ndi batire latsopano lija kwa miyezi ingapo, mpaka pampu inang'aluka. Moto utabuka m'khitchini ya nyumba ina, anthu anauzimitsa ndi ndowa. Palibe anafa, koma nyumba ziwiri zinatsala zopanda denga. Lero galimotoyo ili kuseri kwa galaja, matayala ataphwa, ndipo nkhuku za wophika zimagona pansi pake.

A Mpopi amabwerabe kudzasoketsa nsapato. Amakhala pabenchi yomwe ija, atafulatira galaja. Ulendo wathawu anandifunsa ngati kaputeni anapemphanso galimoto yatsopano.

Ndinawauza kuti amapempha chaka chilichonse.

"Ndiye amati chiyani?"

"Amati chithunzi anachiona. Akuti anachikhoma muofesi."

Anagwedeza mutu, anavala nsapato yawo, n'kupondaponda pansi kuti aone ngati yagwira.